Chopanira Mawaya M'sutikesi ya Amayi

Mphunzi, Dedza
3 Meyi 2024

Achemwali a Bernadetta,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko, ndipo zala zanu zikadalipo zonse khumi ngakhale mumakhalira kupana mawaya m'fakitale tsiku lonse. Kuno tilipo. Amayi mawondo ndi omwe aja. Ana anga, Kondi ndi Alile, ali ndi chimfine chifukwa chisanu chafulumira chaka chino.

Kalatayi ndapatsira a Alufeo a galimoto ya katundu. Foni yanga mukudziwa kuti inathera pakhoma m'manja mwa bambo a Kondi. Ya achimwene a Levison ndiye wailesi ya mudzi: uthenga ukafika amauwerenga mokweza pansi pa mtengo wa mapichesi, n'kuumasuliranso.

Nkhani ndi iyi. Chithawireni ku Mayani mu Febuluwale, a Yohana, bambo a Kondiwo, atuma anthu kawiri kuti ndibwerere kubanja. Akuti asintha. Ulendo wathawu anasinthanso, anasiya kundimenya ndi dzanja lamanja n'kuyamba lamanzere. Amalume a Linus, ankhoswe athu, agamula kuti tidzakhale pansi Loweruka loyamba la Ogasiti. Akuti likadzafika tsikulo ndilibe chooneka chodyetsera ana, ndidzanyamule katundu ndibwerere, poti nkhokwe ya amayi ndi imodzi. Amayi akungoti banja ndi kupirira. Achemwali, ine ndikuopa. Kumene kuja ndikabwererako sindidzatulukako ndi mano.

Chooneka changa ndi makina a sola ofungatira mazira, aja gulu la amayi a kutchalitchi linandisiyira onse atawalephera. Ndinaikamo mazira 60. Tsiku lachisanu ndi chinayi ndinapeza azizira. Onse anasukusa, fungo lake mpaka galu wathu anakagona kwa aneba.

Ndinatsegula kumbuyo kwa makinawo. Muli kabolodi kobiriwira, ndipo pamenepo pamalowa kapulagi koyera ka timawaya titatu. Kawaya kofiira kamasolokoka m'kapulagimo. Ndikakabwezera makina amayaka, koma thireyi ikayamba kutembenuza mazira kamagwanso.

Ndiuzeni chochita. Ntchito yanu ndi yomweyi zaka zisanu ndi ziwiri tsopano, ngakhale kuno amayi amauza anthu kuti muli mu ofesi.

Ndine mng'ono wanu,
Monika

*

Mphunzi, Dedza
4 Meyi 2024

Wokondedwa mlongo wanga Bernadetta,

Choyamba ndithokoze Mulungu chifukwa cha moyo. Chachiwiri ndidandaule kuti Monika wakulembera kalata osadzera kwa ine, ngati pakhomo pano palibe mwini mbumba. Ndinaiona m'manja mwa a Alufeo. Sindinaitsegule, ndinangoiunika padzuwa.

Usataye tulo ndi za makinazo. Ine ndaphunzitsa sayansi ku Sitandade 7 zaka khumi ndi zinayi, ndipo mutu wa magetsi ndimaupereka osayang'ana m'buku. Kawayako ndakasenda ndi mano, ndakapotokola, ndakakankhira m'kapulagi ndi kamtengo ka machesi, kenako ndakulunga ndi pepala la shuga. Wailesi ya malemu bambo athu inalira zaka khumi ndi ziwiri mwa njira yomweyi, mpaka tsiku lomwe inapsa.

Za banja la Monika uzisiyire ife akuluakulu. A Yohana anabwera kudzapepesa atanyamula tambala, ndipo ndikumva kuti tsopano amaimba besi m'kwaya. Munthu woimba besi sangakhale woipa kwambiri.

Ngati uli ndi kanthu kotumiza, kadzere kwa ine monga mwa mwambo. Ndikukumbutsanso za jekete yachikopa ija. Aphunzitsi anzanga amandifunsa ngati ndilidi ndi mlongo ku Joni, ine n'kusowa chowaonetsa.

Mlongo wako,
L. A. Kamtsitsi (Mphunzitsi)

*

Joni
17 Meyi 2024

Achimwene a Levison,

Ndakondwa kumva kuti muli bwino, makamaka mano. Kuno bwana wathu anagula makina odula osendera mawaya. Akanadziwa kuti ku Mphunzi kuli munthu wobadwa nawo m'kamwa, bwenzi atakutumizirani tikiti.

Mwati katundu adzere kwa inu monga mwa mwambo. Chabwino, ndamvera, mungadzati Joni yandichotsa ulemu. M'phukusili muli chopanira mawaya cha zigwiriro zabuluu, timapini makumi asanu m'kabotolo, ndi timapulagi toyera tisanu. Zonsezi ndi za Monika. Mumupatse pamodzi ndi kalata ino tsiku lomwe zafika.

Monika, mvetsera. Kapulagiko pakokha sikagwira waya. Chimene chimagwira ndi kapini kachitsulo kokhala kunsonga kwa waya, ndipo kako kanaphwasuka. Chita chonchi. Zimitsa makina. Dula nsonga imene achimwene atafunayo. Senda khungu la waya ndi lezala mozungulira, pang'ono chabe, theka la njere ya mpunga, osadula ngakhale kaulusi kamodzi ka mkuwa. Ukayang'anitsitsa kapini uona kuti kali ndi timapiko tinayi. Tiwiri takutsogolo tikumbatire mkuwa, tiwiri takumbuyo tikumbatire khungu. Ika kapiniko pa dzino lapakati la chopanira, lowetsa waya, finya. Chopanirachi sichisiya pakati, chimatseguka chokha chikamaliza, ndiye usachite nacho mantha. Ukatero koka kawayako ndi mphamvu. Kakasolokoka, dula uyambirenso. Kakakana, kalowetse m'kapulagi katsopano mpaka umve kuti kete. Uchite timawaya tonse titatu, kofiira pamalo pomwe panali kofiira.

Achimwene, ndikupemphani chinthu chimodzi: musaotcherere ndi mtovu. Ndikudziwa kuti manja akukuyabwani kale. Mtovu umaumitsa waya, ndipo makina onjenjemera ngati amenewo amathyola pamene pauma. Ine ndimapana timapini zikwi zitatu patsiku. Pa nkhani iyi yokha, mundilole ndidziwe kuposa Sitandade 7.

Za a Yohana ndi besi yawo ndamva. Pamene ankathyola Monika chala chija ankaimba liwu lanji?

Jekete ndikadafufuza. Sindinapeze yokwana mapewa a mwini mbumba.

Moni kwa amayi.
Bernadetta

*

Mphunzi, Dedza
1 Juni 2024

Mlongo wanga Bernadetta,

Phukusi lafika bwino. Ndinalikutumula kawiri kufuna jekete, koma basi, Mulungu ndiye amadziwa.

Chida chija ndi chokongola, ndikuvomera. Ndinapita nacho kusukulu ndipo ana anaombera m'manja. Koma chili ndi vuto la kufakitale. Nditachiyesa chinaluma nsonga ya tayi yanga n'kukana kusiya, mpaka aphunzitsi aakulu anabwera ndi sizasi. Chida chosamvera mwini wake sichingapatsidwe kwa munthu wamkazi amene mutu wake uli kale ndi zambiri. Kalata yako ya malangizo ndaisunga ine, chifukwa zaumisiri zikanangomusokoneza Monika, komanso muli mawu ena osayenera kuti mwana awerenge onena za ine.

Amayi atachiona chidacho anati chinthu chonyezimira chotere, chochokera ku Joni, sichingamagwire dothi la nkhuku. Achikulunga m'nsalu n'kuchitsekera m'sutikesi pamodzi ndi timapini tako. Chili pabwino, usadandaule. Muli makapu a tiyi aja unatumiza amene akudikira alendo oyenera, ndi bulangeti la 2019 limene amayi akusungira tsiku la maliro awo. Kiyi amamanga pa ngodya ya chitenje.

Njira yanga ya machesi inagwira masiku anayi, zomwe ndi zambiri poona mtundu wa makinawo. Tsopano ndathetseratu vutolo. Ndinaotcha msomali wa mainchesi sikisi pa mbaula, n'kusungunulira mtovu pa kawayako mpaka pachita chibuluma. Pagwira kuti ngakhale ng'ombe singasolole. Unati tisatero, koma magetsi a ku Joni ndi ena, a sola ya kuno ndi ena.

Monika waikamo mazira ena 60 Lamlungu lapitali. Ukamva anapiye akulira udziwe wothokoza.

Mlongo wako,
L. A. Kamtsitsi (Mphunzitsi)

*

Mphunzi, Dedza
15 Juni 2024

Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino. Muyenera kuti muli bwino kwambiri, poti odwala okha ndi amene amakumbuka kwawo.

Ndinakulemberani pa 3 Meyi. Nditaona a Alufeo atsitsa phukusi kwa achimwene ndinathamanga ngati mwana. Achimwene anandiuza kuti mwatumiza mphatso ya amayi, ndipo ine mwandipatsa moni. Zikomo chifukwa cha moniyo. Ndamuika m'makina, tione ngati aswe.

Lachitatu lapitali linali tsiku la khumi ndi chisanu ndi chitatu. Kunatsala masiku atatu okha. M'mawa ndinapeza makina ali zii, mazira ozizira ngati miyala ya m'dambo. Kawaya kanathyoka m'mphepete mwenimweni mwa chibuluma cha achimwene. Chibulumacho chikadali pomwepo, sichinasunthe, ng'ombe singachisolole ndithu. Ndinaswa dzira limodzi ndipo munali mwanapiye wathunthu, wa nthenga ndi mlomo womwe. Ndinaswa lachiwiri, chimodzimodzi. Lachitatu sindinathe. Ndinakakwirira onse kuseri kwa khola, ndipo ndinalira, achemwali, ndinalira zenizeni.

Achimwene akuti vuto ndi mazira, nkhuku za masiku ano n'zosalimba. Amalume a Linus anadutsa dzulo kudzandikumbutsa tsiku lija, ngati ndingaliiwale. A Yohana atumiza uthenga kuti azira nyumba ndi dothi loyera kundikonzekera.

Ngati nanunso mukuona kuti ndibwerere, nenani poyera. Musandiyankhe ndi chete. Pamene ndinabwera kuno nditatupa diso munandiuza pa foni ya achimwene kuti ndisadzabwererenso, mudzi wonse ukumva. Kapena inali nkhani ya pa wailesi chabe?

Ndili ndi mphamvu yosonkhanitsa mazira kamodzi kokha. Amayi a m'gulu andilonjeza a nkhuku zawo. Ndikapanda kuwaika pofika pa 12 Julayi, sadzaswa nkhani isanakambidwe.

Monika

*

Joni
28 Juni 2024

Monika mng'ono wanga,

Kalata ino waipeza m'paketi ya mapadi a kumwezi chifukwa ndi malo okhawo pa dziko lapansi amene mwini mbumba sangaunike padzuwa. A Alufeo ndawauza kuti akupatse m'manja, pamaso pa achimwene ngati n'kotheka, kuti athawe okha.

Kalata yako ndi ya achimwene zafika limodzi dzulo, chifukwa galimoto ya a Alufeo inafera pa Dedza boma milungu iwiri. Ndinayamba ya achimwene, ndinaseka mpaka mnzanga wa m'chipinda anadzandiona. Kenako ndinawerenga yako, kuseka kunathera pomwepo. Ndinaimba kanayi mwezi uno kufunsa za iwe. Nthawi zonse amayankha ndi achimwene, amati zonse zili m'manja mwawo. Nanenso kupusa, ndinaganiza kuti ndi nkhani yabwino.

Sindinakusiye. Ndinakutumizira chida, timapini ndi malangizo pa 17 Meyi. Kulakwa kwanga n'kwakuti ndinalemba dzina la achimwene pa phukusi pofuna kusunga mwambo. Ndinaiwala kuti kwathu chinthu chochokera ku Joni chimalemekezedwa mpaka kufa osagwira ntchito. Anapiye ako makumi asanu ndi limodzi aferatu ulemu umenewo. Undikhululukire.

Mphatso ya amayi imene unauzidwayo ndi chida chako. Chili m'sutikesi, pansi pa bulangeti la maliro. Malangizo ndakulemberanso kuseri kwa pepalali, ndajambulanso kapini ndi timapiko take. Dula chibuluma chonse cha mtovu, uyambire pa waya wabwino. Uyesere kaye pa zidutswa za waya. Asanu oyamba udzaononga, aliyense amaononga. Ine ndinaononga mbale yathunthu sabata yoyamba, kapitawo n'kundifunsa ngati kwathu timalima ndi manja omwewa.

Achimwene usalimbane nawo. Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo, ndipo athuwa akanaiotchereranso ndi mtovu. Iwe pita kwa amayi. Usapite ndi ukali, ukhale pansi uwauze zonse, ndi za chala zomwe, ndi zina zija unandiuza ine ndekha. Amayi amadziwa zambiri kuposa zimene amayankhula.

Ndipo yankho la funso lako ndi ili, poyera: usabwerere.

Mkulu wako,
Bernadetta

*

Mphunzi, Dedza
10 Julayi 2024

Achemwali,

Ndalandira, ndipo pepani chifukwa cha mawu anga aja. A Alufeo anandipatsira paketiyo pakhonde achimwene ali pomwepo. Atafunsa kuti muli chiyani ndinawaonetsa. Anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi makope oti achonge.

Ndinawapeza amayi masana akusankha nyemba. Ndinakhala pansi n'kuwauza zonse monga munanenera. Sanandiyang'ane, ankangosankha nyemba, zabwino zomwe n'kumataya. Nditapempha chida anati chinthu chimenecho n'chokumbukira mwana wawo ali kutali, chikathyoka adzaonetsa chiyani. Ndinawauza kuti inu simunafe kuti tizikukumbukirani ndi zitsulo, koma ine ndikabwerera ku Mayani mwina adzafuna chondikumbukira.

Anasiya kusankha nyemba. Kenako anamasula ngodya ya chitenje.

"Ine ndinabwerera kwa abambo ako katatu," anatero. "Khutu ili silimva kuyambira ulendo wachiwiri. Tenga."

Achemwali, munkadziwa zimenezi? Ine moyo wanga wonse ndimayesa ndi malungo, monga ankanenera.

Ndinayesera pa tebulo la pakhonde pomwe pali kuwala. Munati ndidzaononga asanu, ndaononga khumi ndi atatu. Ena ndinasenda kwambiri mkuwa n'kutulukira kutsogolo, ena timapiko tinaluma khungu lokha ndipo nditakoka kawaya kanabwera m'manja. Timapini timeneti ndi tating'ono ngati nsabwe, kamodzi kanagwa pansi nkhuku n'kutola. Kachikhumi ndi chinayi ndinafinya mpaka chopanira chinatseguka chokha. Ndinakoka, kanakana. Ndinapatsa amayi kuti akoke, anakoka atakwinya nkhope, kanakanabe. Ndinachita timawaya titatu ta m'makina, ndipo kulowetsa m'kapulagi ndinamva kete katatu.

Achimwene anafika ine ndikutseka kumbuyo kwa makina. Anayang'ana, anati pakuoneka poyera kwambiri, ntchito yolimba imaoneka ndi chibuluma. Anadzipereka kuti adontheze mtovu pang'ono wongothandizira. Amayi anawauza kuti akayandikira ndi msomali wawo, auotcha iwo n'kuwalemba nawo dzina pamphumi.

Mazira 60 alowa lero m'mawa. Ndagwedeza tebulo dala, nyali ya makina sinaphethire. Kuswa ndi pa 31. Nkhani ndi pa 3. Mutipempherere.

Monika

*

Mphunzi, Dedza
4 Ogasiti 2024

Achemwali a Bernadetta,

Tili bwino, ndipo ulendo uno sindikunena mwa mwambo chabe.

Anayamba kugogomola Lachitatu m'mawa. Pofika Lachinayi madzulo anali 47. Mazira ena sanaswe, anapiye awiri anafa, koma 45 ali moyo ndipo akudya ngati alendo a pa ukwati.

Dzulo anthu anabwera. Amalume a Linus, ankhoswe a kuchimuna awiri, ndi a Yohana atavala suti ya kwaya. Chifukwa cha chisanu tinakhala m'nyumba, ndipo katoni ya anapiye inali pakona, pafupi ndi mbaula. Sindinaiike dala pamenepo. Chabwino, ndinaiika dala. Amalume anayamba ndi pemphero, kenako mawu aatali akuti mkazi payekha sangaime. Anapiye ankalira kwambiri moti mawu akuti sangaime anawabwereza katatu, aliyense akufunsa kuti atinji. Mapeto ake anadzuka, anakasuzumira m'katoni, anawerenga ndi chala. Ndinawauza kuti amayi asanu ndi mmodzi a m'gulu akudikira kale kuti ndiwaswetsere mazira awo, ndipo pa anapiye atatu alionse mmodzi azikhala wanga.

Achimwene anatsokomola n'kufotokoza kuti makinawa anavuta kwambiri, koma monga banja tinawagonjetsa pansi pa utsogoleri wawo. Anatinso mlongo wawo wa ku Joni ndi injiniya. Mwakwezedwa pa ntchito, achemwali, landirani mafuno abwino.

A Yohana ataona katoni ija maso anayera. Anati palibe vuto, galimoto ilipo, mkazi, ana ndi makina zonse zikwera limodzi, ku Mayani dzuwa n'lambiri. Amalume anayamba kugwedeza mutu movomera. Ndinaona kuti ndaswetsera anapiye munthu yemwe uja.

Ndinanena ndekha kuti sindipita. Amalume anati mwana sagamula mlandu wake, ndipo anatembenukira kwa amayi kuti andilangize monga mwa nthawi zonse. Amayi anali pa mphasa kukhomo. Mukudziwa kuti pa zoterezi sayankhula.

"Achimwene," anatero kwa amalume, "inu ndi amene munandiperekeza ine katatu konse. Uyu simumuperekeza."

Amalume anayang'ana pansi. A Yohana anapempha tambala wawo wa chipepeso, tinawauza kuti anadyedwa mu Meyi, ndipo amene anadya chiganga ndi mwini mbumba.

Alendo atapita mphepo ya kuphiri inayamba, anapiye n'kuunjikana pakona akunjenjemera. Ndikufunafuna thumba loti ndifunditse katoni, ndinamva sutikesi ikutseguka. Amayi anatulutsa makapu anu aja n'kuuza Alile kuti akatsuke timwere tiyi. Kenako anatulutsa bulangeti la 2019, likadali m'pepala lake, analing'amba pepalalo ndi mano n'kufunditsa anapiye.

Ndinati amayi, limenelo si la maliro anu?

Anati wakufa samva chisanu.

Tumizani timapini tina, tatsala makumi atatu ndi titatu. Pa phukusi mulembe dzina langa.

Ndine mng'ono wanu,
Monika